Ndalama za pa khadi ndi ka fomu ka 1099-K: mmene mungalembere pa msonkho wa geni yanu kuno ku America

Januwale ikamapita kumapeto aliyense amene ali ndi kageni kuno ku America ndipo makasitomala ake amaswaipa khadi amatha kulandira ka fomu kotchedwa 1099-K, koonetsa ndalama zimene zinadutsa pa khadi chaka chathachi. Kaya mumaluka tsitsi, kaya mumaphika nsima ndi zigege pa maphwando a Loweruka, kaya mumakolopa m'maofesi usiku, bola muli ndi kamakina kaja ka Square, Clover kapena mumalandirira pa Stripe, fomuyi ikhoza kukupezani. Lamulo limati akhale atakupatsani pofika pa 31 Januwale, ena amatumiza pa positi ena amangoiponya mu akaunti yanu ya pa intaneti osakuuzani nkomwe, ndiye muzikalowa nokha kukayang'ana. Ina yofanana nayo imapita ku IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, kutanthauza kuti nambala imene mukuiona inuyo nawonso akuiona.

Mutu umayamba kuwawa mukayang'ana bokosi 1a. Nambala yake imakhala yaikulu kuposa ndalama zomwe zinalowa ku banki kwanu, ndipo anthu ambiri apa amaganiza kuti kampani ya makhadi yalakwitsa kapena ikufuna kuwapweteketsa. Ayi, sinalakwitse. Bokosi 1a limaonetsa ndalama zonse zimene zinadutsa pa makina musanadulidwe kalikonse. Muli machaji a kampani ya makhadi aja pafupifupi 3 peresenti pa kuswaipa kulikonse, muli ndalama zomwe munabwezera makasitomala, muli ma chargeback (ndalama zomwe banki ya kasitomala inakulandani iye atadandaula), muli sales tax amene munangotolera boma la state, muli matipu, muli ya shipping. Zonse anaphatikiza mtolo umodzi. Si phindu lanu ndipo si zomwe zinalowa ku banki. Ntchito yonse ya nkhaniyi ndi kumasula mtolowo nkuika chilichonse pa malo pake.

Pang'ono za komwe fomuyi inachokera, chifukwa zimathandiza kumvetsa khalidwe lake. Lamulo lake linadutsa mu 2008, mafomu oyamba anali a malonda a chaka cha 2011. Boma linaona kuti anthu a pa malipiro a pa ntchito msonkho sathawa chifukwa abwana amatumiza W-2, fomu yoonetsa malipiro a wantchito, koma a mabizinesi ang'onoang'ono amangolemba zomwe afuna, ndiye linati makampani a makhadi azinena okha. Schedule C, fomu yolembapo malonda ndi phindu la geni, ya 2011 inali ndi laini yakeyake ya ndalama za pa khadi koma chaka chomwecho anauza anthu kuti alembepo ziro, chaka chotsatira anaichotseratu. Ndiye musavutike kusakasaka laini yolembedwa kuti "makhadi", kulibe. Ndalama za pa khadi zimalowa pamodzi ndi zina zonse.

Nanga zija zinkazungulira pa WhatsApp zoti mukangolandira zoposa $600 fomuyi ikubwerani? Apa pali zinthu ziwiri zomwe anthu amasakaniza. Ngati mumalandira khadi mwachindunji kudzera ku kampani ya makhadi, palibe malire, ngakhale munangogulitsa za $40 chaka chonse fomu ikhoza kubwera. Malire ali pa ma app ndi misika ya pa intaneti monga PayPal, Venmo, Cash App, eBay ndi Etsy. Kumeneko poyamba ankatumiza fomu mukadutsa $20,000 komanso malonda 200. Lamulo la 2021 linatsitsa kufika pa $600, a IRS nkumazengereza chaka ndi chaka, pa malonda a 2024 anagwiritsa ntchito $5,000, kenako lamulo lomwe linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linabwezeretsa $20,000 ndi 200 yakale ija. Ma state ena monga Massachusetts, Vermont, Virginia ndi Maryland ali ndi malire awo otsika a $600. Zelle satumiza 1099-K. Koma abale anga, kusalandira fomu sikutanthauza kuti ndalamazo zilibe msonkho. Malirewo ndi a kampani, akunena za nthawi imene iyo ikuyenera kutumiza pepala. Inuyo mukuyenera kulemba dola iliyonse ya geni, ya khadi, ya Zelle, ya cheke, ya kashi ya m'thumba la epuloni. Kwathu tinazolowera kuti wa pamsika akadula chiphaso cha tsikulo ndiye kuti wathana nalo boma, kuno sizili choncho.

Tsopano fomu yake ndi iti. Ngati geni ndi yanu nokha, kaya simunalembetse kalikonse kaya munalembetsa kampani ya mtundu wa LLC ya munthu mmodzi imene simunaisinthe kuti izikhoma ngati corporation, mumalemba Schedule C nkuimata ku Form 1040, fomu yaikulu ya msonkho wa munthu payekha, tsiku lomaliza 15 Epulo. Ngati muli awiri kapena kuposa ndi Form 1065, kampani yokhoma msonkho ngati S corporation ndi 1120-S, ziwirizi tsiku lake ndi 15 Malichi, ndipo malonda amalowa pa laini 1a. Ine ndikamba za Schedule C chifukwa ndi kumene ambirife tili.

Musayambire pa 1099-K, yambirani pa mabuku anu. Lowani mu akaunti ya kampani ya makhadi mutulutse lipoti la malonda kuyambira 1 Januwale mpaka 31 Disembala, limaonetsa malonda onse, zobweza, machaji, sales tax ndi matipu chilichonse pachokha. Tengani masitetimenti a ku banki a miyezi yonse 12. Tengani kabuku ka kashi ngati muli nako, ngati mulibe khalani pansi ndi buku la ma appointment ndi mameseji a makasitomala muwerengere mmene mungathere, ndipo kuyambira mawa mukhale nako. Mukatero ndi pamene muike 1099-K pambali pake muyerekeze. Fomuyi ili ndi mabokosi 5a mpaka 5l, bokosi lililonse mwezi wake, ndiye ngati pali kusiyana muona msanga kuti kwabisala mwezi uti. Kawirikawiri ndi Disembala, makasitomala anaswaipa pa 30 ndi pa 31 koma ndalama zinalowa ku banki pa 2 Januwale, fomu yaziwerengera chaka chathachi pomwe sitetimenti ikuzionetsa chaka chino.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti zioneke. Tinene kuti mayi wina ali ndi kasaluni koluka tsitsi ku South Bend ku Indiana, kumene Amalawi aliko ambiri ndithu, ndipo amagulitsanso mawigi ndi mafuta a m'mutu. 1099-K yawo ikuti $48,000 mu bokosi 1a. Akawerengera zomwe zinalowa ku banki kuchokera ku makina akupeza $45,700. Kusiyana ndi $2,300. Akatsegula lipoti akupeza kuti $1,400 inapita ku machaji, $900 anabwezera makasitomala, kuphatikizapo mtsikana wina amene anati wigi sinali mtundu umene anaitanitsa. 1,400 kuphatikiza 900 ndi 2,300, zakwanirana, palibe amene waba. Mkati mwa $48,000 muja mulinso $420 ya sales tax, chifukwa anagulitsa katundu wa $6,000 pa khadi ndipo Indiana imadula 7 peresenti, ndi $3,200 ya matipu. Pambali pa makina analandira $9,000 ya kashi ndi $5,500 pa Zelle zonse za kuluka.

Pa laini 1 ya Schedule C, ya malonda onse, ayamba ndi $48,000, achotsa $420 ya sales tax, aphatikiza $9,000 ndi $5,500, zikwana $62,080. Pa laini 2 alemba $900 ya zobweza. Machaji a $1,400 aja salowa apa ayi, amakalembedwa ku gawo la zowonongera bizinesi, ambiri amaika pa laini 10 ya commissions and fees, ena amalemba ku Part V kuti "merchant fees", konse kuli bwino bola muzichita chimodzimodzi chaka chilichonse. Mtengo umene anagulira mawigi ndi mafuta omwe anagulitsa, tinene $3,500, umawerengeredwa ku Part III nkubwera pa laini 4. Lendi ya shopu $12,000 pa laini 20b, mesh, ulusi, magolovesi ndi zina zogwiritsa ntchito $4,000 pa laini 22. Akachotsa zonse laini 31 ikuonetsa $40,280. Ili ndiye phindu, apa ndi pamene msonkho umagwira.

Wina afunsa kuti bwanji osangolemba $45,700 yomwe inalowa ku banki, si zibwerera pomwepo? Pa masamu pafupifupi inde, koma pali mavuto awiri. Loyamba, kompyuta ya IRS imayerekeza laini 1 yanu ndi mafomu omwe inalandira, ikaona kuti mwalemba zochepa kuposa 1099-K imatha kukutumizirani kalata, yodziwika kwambiri ndi CP2000, yokuuzani kuti mwabisa ndalama ndi msonkho wake atawerengera kale, ndiye muyambe kulemba makalata ofotokoza chinthu chimene chikanatheka kupeweka. Lachiwiri ndi loopsa kwa thumba lanu ngakhale limaoneka lokoma: anthu amalemba zomwe zinalowa ku banki kenako nkuchotsanso machaji ngati zowonongera, kuchotsa kawiri chinthu chimodzi, akakugwirani mubweza ndi chiwongoladzanja. Palinso ena amachita mosemphana, kulemba $48,000 yonse nkuiwala kuchotsa machaji ndi zobweza, amenewa akupatsa boma mphatso.

Ndipo ngati laini 1 yanu ikufanana ndendende ndi 1099-K mpaka ku senti, pa bizinesi ngati saluni kapena malo odyera, mukuwauza a IRS kuti chaka chonse palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene analipira kashi. Fomu ili ndi bokosi 2 lomwe limanena mtundu wa bizinesi yanu, ndiye amadziwa kuti anzanu a ntchito ngati yanu amalandira kashi. Ine pa nkhani ya kashi sindinyengerera munthu. Kubisa kumakupwetekani nokha m'njira zina, tsiku lomwe mudzafune ngongole ya nyumba a banki adzafuna ma return a zaka ziwiri, adzapeza mukuoneka ngati munthu wosauka pomwe mumapeza bwino, komanso amene mukuyendetsa mapepala a immigration mukudziwa kale kuti nkhani za msonkho zimafunsidwa.

Sales tax ija tiibwerere chifukwa imasokoneza. Malangizo a Schedule C amati ngati msonkhowo lamulo la state limauika pa wogula, inuyo mukungotolera nkupereka, musauwerengere pa malonda ndipo musauchotsenso ngati zowonongera, umangodutsa. Koma ngati state yanu imauika pa inu wogulitsa, mumauphatikiza pa laini 1 nkukauchotsa pa laini 23. Mulimonsemo phindu limatuluka lomwelo. Chofunika nchakuti musunge umboni woti munaperekadi ku state, chifukwa ndi umene ukufotokoza kusiyana kwa fomu ndi zomwe mwalemba. Amene muli ku Oregon, Delaware, Montana kapena New Hampshire mutu uwu sukukukhudzani.

Matipu. Ngati ndinu nokha pa geni, tipu ndi ndalama yanu ya bizinesi, imatsala mu laini 1, nchifukwa chake mayi aja $3,200 sanaichotse. Lamulo la 2025 lija linabweretsa mwayi wochotsera matipu pa income tax mpaka $25,000 kwa ntchito zina zomwe anthu amapatsidwa matipu, kuyambira 2025 mpaka 2028, koma zimenezo zimachotsedwa pa fomu ina, sikuti mungowasiya osalemba pa Schedule C. Ngati muli ndi antchito ndipo matipu a pa makina mumawapatsira iwowo, si anu, koma akuyenera kudutsa pa payroll ndi kuoneka pa W-2 yawo, ndipo musunge pepala loonetsa kuti ndani analandira zingati. Kungopatsana m'manja madzulo potseka popanda kulemba kulikonse ndiye kuti msonkho wa ndalama za anzanu udzagwera inu.

Chimodzimodzi kubwerekana makina. Zimachitika kwambiri m'masaluni, mnzanu amene amachita lendi mpando makina ake afa batire, "achemwali ndiswaipireniko pa anu ndidzatenga kashi", lero $180 mawa $220, pakutha pa chaka pa dzina lanu pali masauzande omwe simunadye. IRS ikuona dzina lanu basi. Ngati zachitika kale, lembani tsiku ndi ndalama iliyonse yomwe munamupatsira, makamaka mumupatse kudzera ku banki kuti pakhale umboni, ndipo apa ndi poyenera kufunsa wodziwa misonkho chifukwa mwina mukuyenera kumulembera 1099 nayenso. Koma chabwino ndi kukana, kamakina ka pa foni nkotchipa, agule kake.

China chimene ndimachiona pakati pathu ndi ndalama za zovuta. Kwagwa maliro, tikusonkha zotumizira thupi kumudzi, wina nkuti tumizani pa Cash App ya mayi ujeni poti ndi okhulupirika, kumeneko ndi akaunti ya bizinesi. Kapena chipereganyu cha mwezi ndi mwezi chikudutsa momwemo. Ndalama zimenezi si malonda ndipo zilibe msonkho kwa inu, koma zikadutsa pa akaunti ya geni zimakalowa mu 1099-K. Zikatero choyamba ndi kulankhula ndi kampani yomwe yatulutsa fomu, dzina ndi nambala yawo zili pamwamba kumanzere, muwapemphe akonze. A IRS sangakukonzereni fomu ya kampani ina. Akakana kapena akachedwa musadikire mpaka tsiku lidutse, Schedule 1, fomu ina yomata ku Form 1040, ili ndi malo pamwamba olembapo ndalama zomwe zinalowa mu 1099-K molakwika kapena za katundu wanu wa m'nyumba amene munagulitsa motsika kuposa mmene munagulira. Sungani mndandanda wa osonkha ndi lisiti la komwe ndalamazo zinapita. Akaunti ya geni ikhale ya geni, ya mpingo ndi ya maliro zikhale kwina.

Samalaninso kuwerengera kawiri. Tinene mumakolopa ofesi ina, amakulipirani pa khadi la kampani, kenako Januwale akukutumiziraninso 1099-NEC, fomu yoonetsa zomwe analipira munthu wosalembedwa ntchito, ya ndalama zomwezo. Samayenera kutero, malipiro a pa khadi amanenedwa ndi kampani ya makhadi yokha, koma ma akawuntanti ena amatumizabe. Mukangophatikiza mafomu onse mulipira msonkho kawiri pa ntchito imodzi. Apempheni atulutse yokonzedwa. Nchifukwa chake ndinati muyambire pa mabuku anu, mafomu ndi ongotsimikizira.

Amene munatenga ngongole ija makampani a makhadi amakonda kutsatsa, yomwe amadula peresenti pa malonda a tsiku lililonse, dziwani kuti ngongoleyo si ndalama ya msonkho, komanso zomwe akudula pobweza sizichepetsa malonda anu. Munagulitsa za $300, adula $45 ya ngongole, ku banki kwalowa zotsala, malonda anu akadali $300. Chomwe mungachotse ndi chiwongoladzanja kapena chaji ya ngongoleyo, osati mpamba wake.

Yang'ananinso bokosi 4. Nthawi zambiri limakhala lopanda kanthu, koma ngati dzina lanu ndi nambala ya msonkho, kaya SSN kaya ITIN kaya EIN, sizikugwirizana ndi zomwe IRS ili nazo, kampani imalamulidwa kudula 24 peresenti pa malonda onse nkutumiza ku boma. Zimachitika mukasintha dzina pa ukwati kapena mukalembetsa dzina la shopu pa nambala yanu ya inu mwini molakwika. Ndalamayo sinatayike, mumailemba pa Form 1040 ngati msonkho wolipira kale, koma konzani msanga chifukwa geni yaing'ono kuidula 24 peresenti tsiku lililonse imafa ikuyenda.

Tibwerere kwa mayi a ku South Bend aja ndi $40,280 yawo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka. Kupatula income tax pali self-employment tax, ya Social Security ndi Medicare, imene aliyense wopeza phindu la $400 kapena kuposa amalipira kudzera pa Schedule SE. Ndi 15.3 peresenti pa 92.35 peresenti ya phindu. Kwa iwowa ikukwana pafupifupi $5,691, income tax ya federal ndi ya state tisanayambe nkomwe. Theka lake limachotsedwa pa Schedule 1, zimapepukirako pang'ono. Pa ntchito yolembedwa abwana amalipira theka inu theka ndipo simuona, pa geni zonse ndi zanu. Ndiye ngati mukuona kuti mudzakhala ndi ngongole ya msonkho ya $1,000 kapena kuposa, mukuyenera kumalipira kanayi pa chaka ndi Form 1040-ES, pa 15 Epulo, 15 Juni, 15 Seputembala ndi 15 Januwale. Njira yosavuta ndi kutsegula ka savings kena, ndalama za makina zikangolowa mukankhire gawo limodzi mwa magawo anayi kumeneko osaigwiranso, ngakhale kumudzi aimbe kuti feteleza wakwera.

Mukaona kuti simukwanitsa pofika 15 Epulo, Form 4868 imakupatsani mpaka 15 Okutobala, koma ndi nthawi yotumizira mapepala chabe, ndalama amafunabe mu Epulo. Ndipo ngati ndalama mulibe tumizanibe return, chilango chosatumiza ndi 5 peresenti pa mwezi mpaka 25 peresenti pomwe chosalipira ndi 0.5 peresenti pa mwezi, kusiyana kwake kakhumi, ndipo mutha kupempha kuti muzilipira pang'onopang'ono.

Mapepala onsewa, 1099-K, lipoti la makina, masitetimenti, kabuku ka kashi, malisiti, sungani zaka zosachepera 3 kuchokera pomwe munatumiza return. Ngati munthu anasiya ndalama zoposa 25 peresenti ya zomwe analemba, IRS imatha kubwerera mmbuyo zaka 6. Lipoti la makina litulutseni chaka chilichonse mulisunge pa kompyuta kapena muprinte, mukadzatseka akaunti kapena kusintha kampani kulipezanso kumavuta. Malisiti a pepala lopyapyala aja amafufutika okha mu miyezi yochepa, ajambuleni pa foni tsiku lomwelo.

Mukapita kwa munthu wokulemberani misonkho mutenge zonsezi, osati 1099-K yokha, ndipo mumufunse kuti machaji ndi zobweza waziika pa laini iti, akakuonetsani pa pepala ndiye kuti akudziwa ntchito. Wolemba misonkho wolipidwa aliyense amayenera kukhala ndi nambala yotchedwa PTIN ndi kusaina pansi pa return yanu. Amene akukana kusaina, kapena akuti mtengo wake utengera kukula kwa refund, kapena akufuna kukuwonjezerani zowonongera zomwe simunagule, tengani mapepala anu muzipita, chifukwa kalata ikadzabwera idzalembedwa dzina lanu osati lake.